Lamba wa Mkwatibwi pa Khwekhwerere

Nangondo analota chigalimoto cha achimwene ake, a Zakeyu, chitaima pabalaza, pakati pa tebulo ndi makina ake osokera. Khomo la nyumbayo ndi laling'ono, njinga yomwe imalowa chopendekera, koma icho chinali m'nyumba ndithu, ndipo dzuwa la masana linkawala ngati kulibe denga.

Chinali chomwe chija, chakalekale, chachitali ngati nkhokwe, cha mipando yachikopa, chimene mabwana ankayendera m'maesiteti. Mawa lake chinkayenera kunyamula Ndaziona, mwana mmodzi yekhayo wa Nangondo, kuchoka ku Dedza kutsika phiri la Khwekhwerere kukamanga ukwati ku Golomoti. Abusa analonjeza kagalimoto kawo katsopano, koma Nangondo anakana. Ati mwana wake akwere kachikumbu? Akuchimuna aone kuti kwa mkwatibwi kulinso anthu!

Anatsegula chitseko chakumbuyo kuti amange maliboni, napeza kuti m'katimo muli msewu. Khwekhwerere yense anali momwemo, makona ake, maphompho ake, anyani ali tong'o pamiyala. Pampando panakhala bambo wa suti yaimvi, chipewa chili pabondo. Chifuwa chawo chinali cholowa m'kati ngati beseni, chizindikiro cha chiwongolero chitadindika pamalaya. Nangondo anali asanawaonepo, koma anadziwa kuti ndi malemu a Chidzanja, eni ake oyamba a galimotoyo.

"Mwaswera bwanji, mayi?" anatero malemuwo. "Lowani, mukutichedwetsa."

Analowa. Wailesi inayaka yokha, chigalimotocho n'kuyamba kulankhula ndi mawu a munthu wokhuta.

"Musaope, mayi. Ine ndinagunda bulugama wamkulu, chitsulo changa chakutsogolo chinangokalika pang'ono. Ndinagubuduzika kumtsinje, anandidzutsa, ndinapita kunyumba ndekha."

"Nanga anthu amene munanyamula?"

"Za anthu sindidziwa. Ine ndine chitsulo chakale, sindipindika."

"Chikunena zoona," anatero a Chidzanja mwaulemu. "Chitsulo chikakana kupindika, wopindika ndi amene wakhala m'kati."

Apo n'kuti atayamba kale kutsika, pachiwongolero palibe munthu. Ndaziona anali pambali pa mayi ake, velo lili mbee, maluwa ali m'manja. Azimayi a kwaya ankathamanga m'mbali mwa msewu akuimba nthungululu, mapazi awo osagunda pansi. A Zakeyu anali padenga, pamwamba pa matumba a mbatata ya kachewere, akumenya chibakera pachitsulo.

"Wamva kulimba, mlongo? Si zamakono zamapepalazi ayi!"

Pakona yoyamba chigalimotocho chinapendekera, matayala awiri n'kusiya msewu. Mutu wa Ndaziona unagunda pagalasi, go! Nangondo anapisa dzanja m'mphako ya mpando kufuna lamba womangira mwanayo pampando, natulutsa kachidutswa kosakwana chala, kodulidwa ndi mpeni. Anafufuza uku, anafufuza uko, anagwada pansi, anatembenuza mapilo. Konse tizidutswa tokhatokha.

"Malamba ali kuti?"

"Achimwene anu anadula," inayankha wailesi. "Anali othothoka, ankandinyozetsa. Ndi omwe amangira kachewereyo."

"Musavutike, amayi," anatero Ndaziona. "Lamba akanandikwinyira diresi."

Mayo ine, mwana ameneyu! Nangondo anafuna kumukalipira, koma kona ina inafika. Chiwongolero chinang'ambika pakati, pamene pamayenera kutuluka chibaluni chotchinga chifuwa, ndipo munatuluka masokosi akale ndi nsanza. A Chidzanja anatola sokosi imodzi, naipinda bwinobwino, n'kuika m'chipewa.

Pakona iliyonse Ndaziona ankachepa. Anasanduka mtsikana wa yunifolomu, kenako kamwana kogweluka mano, kenako khanda lomira m'velo, likulira mopanda mawu. Nangondo analifungatira, koma manja ake anali a thonje, khandalo linkapulumuka. Anachita mantha enieni. Kutsogolo, pakona yomaliza, bulugama uja anali ataima pakati pa msewu, akudikira ngati munthu wodikira basi.

"Mayi," anatero a Chidzanja, "mumangeni ndi chomwe munam'mangira poyamba."

Nangondo anamasula chitenje cha m'chiuno, napeza kuti ndi mbereko yakale ija, ya maluwa ofiira, imene inatha ndi mbewa zaka zapitazo. Anaponya mwana kumsana, namanga mfundo pachifuwa mpaka mpweya kubanika. Kenako anagwira chitseko.

"Mukatsika, muchititsa manyazi achimwene anu," chinatero chigalimoto. "Anandipukuta sabata yonse. Akuchimuna adzaseka. Adzati mwana wa mayi wosoka wabwera pa kachikumbu."

Dzanja la Nangondo linazengereza. Ankawadziwa a Zakeyu, munthu wosunga mangawa mpaka kumanda. Bulugama anali atayandikira moti masamba ake ankapalasa galasi. A Chidzanja anavala chipewa chawo, natseka maso ngati munthu wodziwa nyimbo yotsatira.

"Aseke," anatero Nangondo. "Manyazi sindinawalirepo maliro."

Anakankha chitseko, natulutsa mwendo kuphompho. Phazi lake linaponda simenti yozizira ya kuchipinda.

Kunja kunali kutacha, hutala ikulira pipii! pipii! Anatuluka wopanda nsapato. Chigalimoto chinali pabwalo, maliboni ali lendelende, a Zakeyu akupukuta galasi ndi mpango, kachewere wa paphwando atasanjidwa padenga. Ndaziona anali atagwira kale chitseko, anzake akumunyamulira velo. Nangondo anamukankhira pambali, napisa dzanja m'mphako ya mpando. Chala chake chinakhudza kachidutswa kaja.

"Mlongo, nthawi yatha! Ukufuna chiyani m'menemo?"

"Achimwene, masulani maliboniwa. Mwana wanga akwera ka abusa."

"Wati chiyani? Pamaso pa anthu onsewa?"

Nthungululu za pabwalo zinazima. Nkhope ya a Zakeyu inachita bii, mpango n'kugwa pansi. Nangondo anagwira Ndaziona pamkono, osamutaya, ngakhale mtsikanayo anayamba kulira. Ndi pomwe azimayi a kwaya anaona kuti chitenje cha Nangondo sichinali m'chiuno. Chinali chomangidwa pachifuwa, mfundo yoberekera mwana, yolimba moti kuimasula kunafunika mano.