Khutu la Wometa Litatseka

Wometa anayatsa makina ake m'mawa n'kudabwa. Makinawo anali m'dzanja lake lamanzere, akunjenjemera bwinobwino, koma kulira kwake kunkachokera kumanja, kumene kunali galasi. Anazimitsa, n'kuyatsanso. Chimodzimodzi.

"Achimwene, mumeta kapena mukukonza makina?" anafunsa kasitomala, nsalu ili kale m'khosi.

Wometa anatembenukira kukhomo kuti ayankhe, koma kunalibe munthu.

Masana mkazi wake atabweretsa chakudya, anamupeza akutokosa khutu lamanzere ndi kamtengo ka machesi. M'khutumo munali ngati mwalowa madzi, ndipo munkalira kaphokoso konga ka firiji.

"Ndi katemera uja, bambo," anatero mkaziyo. "Mwangobayitsa kumene, lero khutu latseka."

"Inunso munabayitsa. Tinali pamzere umodzi."

"Matupi ndi osiyana."

Mlamu wake anati ndi phokoso la makina la zaka zonsezi. Apongozi anaimba foni n'kulankhula kwa nthawi yaitali, wometa akungoti "Halo? Halo?" Foni anali ataiika kukhutu lakufalo. Mkazi wake ndiye anamuuza pambuyo pake kuti iwo akuti ndi chimfine chabe.

Kuchipatala dokotala anaunika m'khutumo ndi tochi, osapezamo kanthu. Anamuveka mahedifoni n'kumuuza kuti akamva kulira azidina batani. Wometa anadina, anadinanso, osalekeza.

"Bambo, sindinayatse," anatero dokotala.

"Nanga chikulirachi n'chiyani?"

"Chili m'khutu mwanumo."

Dokotala atamaliza kupima, wometa anafunsa ngati ndi katemera.

"Mwina, mwinanso ayi. Zimagweranso anthu osabayitsa. Tidziwitsa ndithu oyang'anira katemera kuti zachitika mutabayitsa. Mwachita bwino kufulumira, yambani mapiritsiwa lero lomwe."

"Nanga katemera wachiwiri ndidzabayitse?"

"Tidzakambirana mukabweranso."

Mapiritsi atatha, khutu linayamba kumva kuguguda kwa malole pamsewu ndi mawu a amuna. Mawu a mkazi wake okha ankangofika ngati akulankhulira m'pilo.

"Lasankha bwino khutu lanuli," anatero mkaziyo, koma sanaseke. Anayamba kumakhala kudzanja lake lamanja.

Za katemera wachiwiri, wometa ankafunsa aliyense wokhala pampando wake. Mphunzitsi anati abayitse. Wokonza mapaipi anati asayerekeze. Mdala wina wadazi, wobwera kudzameta ndevu, anaganiza kaye n'kuyankha motsitsa, makina akulira. Wometa anagwedeza mutu ngati wamva, n'kupitiriza kumeta.