Chipinda Chimene Chinakula mu Kamera

Mkamwini ndiye analakwira a Kalipentala, ndipo zinachitika m'mwezi wachitatu chichokereni mwana wawo wamkazi kukagwira ntchito ya unamwino kudziko lakutali. Anawatulutsa m'chipinda chawo chachikulu, m'nyumba imene iwo anakhoma okha denga ndi zitseko, n'kuwaika m'kachipinda kosungiramo katundu kuseri kwa khitchini. Ankati akufuna malo oyeseramo kamera yake yatsopano. Munthuyo sanali wojambula ayi, anali kalaliki. Kamera inali matenda ake a Loweruka ndi Lamlungu.

A Kalipentala anakayeza kachipindako ndi tepi yawo yakale: mamita awiri m'litali, mita imodzi ndi theka m'lifupi. Bedi litalowa, malo otsala anagawana zitini za penti, wilibala yopanda tayala ndi makatoni a mkamwini. Povala malaya ankayamba atsegula chitseko kuti chigongono chipeze kolowera.

Mwana wawo ankaimba Lamlungu lokha, pa foni ya mwamuna wake, ndipo mwini foniyo sankapita patali.

"Mwanawe, andiika m'bokosi," anatero a Kalipentala. "Ndakhomera anthu mabokosi ambiri ine. Ndikaliona ndimalidziwa."

"Bambo, musayankhule choncho. Amuna anga akuti n'chipinda chabwino, chofunda. Dikirani, ndiwauza anditumizire zithunzi ndione ndekha."

Iwo anakondwa. Ankaganiza kuti chithunzi sichinama.

M'mawa mwake mkamwini anabwera kamera ili pakhosi, kutsogolo kwake kuli lenzi yonenepa ngati kapu. Anayamba watulutsa zitini, wilibala ndi makatoni, n'kuyala nsalu yoyera pabedi.

"Apongozi, khalani pakati penipeni. Mukasunthira kumbali mutu wanu utuluka wotalika ngati dzira. Lenzi imeneyi imakoka za m'mphepete."

"Mukujambula ine kapena chipinda, akamwini?"

"Zonse, apongozi. Diso limeneli n'lotambalala, limameza zonse kamodzi."

Ananjuta pakona kuseri kwa chitseko, msana uli kukhoma, n'kupotoza mphete ya lenziyo mpaka pamapeto. Kamera inalira katatu. Kenaka anabweza katundu yense mmene analili, n'kuwaonetsa kagalasi ka kumbuyo kwa kamerayo.

A Kalipentala anayang'ana, napukuta m'maso, nayang'ananso. Makoma anali atathawana. Pansi panatambasuka ngati khonde la chipatala. Bedi lawo lopapatiza lija linkaoneka loti anthu atatu n'kugonapo, ndipo kutali uko, pakati pake, panakhala kankhalamba kakang'ono katapinda manja.

"Si chipinda changa ichi."

"Nanga n'cha yani? Si bulangete lanu ili?"

Lamlungu lotsatira mwana wawo anayankhula ndi mawu amene amayankhulira odwala ovuta.

"Bambo, zithunzi ndaziona. Ine kuno chipinda changa sichifika pamenepo. Mwayamba kudandaula zilizonse, ukalamba umatero. Musawavutitse amuna anga, akuyesetsa."

"Ndakayeza ndi tepi, mwanawe!"

"Tepi ija manambala ake anafufutika ndili kusukulu, bambo."

Nkhaniyi a Kalipentala anakaitula kwa a Telala, mnzawo wakalekale amene ankasoka pakhonde la sitolo ya patsidya pa msewu. A Telala anaseka mpaka kulavula ulusi umene unali kukamwa.

"Ndiye kuti mwalemera osadziwa, achimwene! Mundibwerekeko kamerayo ndijambule khonde langali, mwina lisanduka fakitale."

"Musaseke. Ine ndikufa nako kachipinda kaja."

"Foni yanga ndi ya mabatani; ikanakhala yojambula, ikanathandiza. Koma tamverani. Kamera ili ngati makina angawa, imasoka zimene mwini wake akufuna. Ikanamiza ili m'manja mwa wabodza, muigwire nokha. Batani lake ndi limodzi, ngakhale mbuzi ikhoza kudina."

Lachitatu, mkamwini atapita kuntchito, a Kalipentala analowa m'chipinda chawo chakale koyamba chitulukireni. Munali nyale ziwiri zamiyendo ndi chinsalu chakuda kukhoma kumene kunkakhala kabati ya malemu akazi awo. Sanayang'ane kawiri. Anatenga kamera patebulo ngati akuba m'nyumba ya eni.

Anaima pakhomo pa kachipinda kawo osachotsa kanthu, nadina. Pa kagalasi panatuluka chipinda chachikulu chomwe chija. Zitini ndi wilibala zinakankhidwira m'mbali, zazing'ono, zooneka ngati zaikidwa mwadongosolo. Anadinanso ataimirira pa zala za kumapazi. Chimodzimodzi.

Anakumbukira mphete ija. Anaipotozera mbali inayo mpaka inakana, nadina. Tsopano panatuluka pilo yekha. Anadinanso, panatuluka msomali wa pakhoma. Anabweza mpheteyo pakati kuti chipinda chioneke mmene maso amachionera, koma sichinakwane. Panafunika kubwerera m'mbuyo masitepe anayi, ndipo kumbuyo kwawo kunali khoma la khitchini. Anakanikiza msana pakhomalo mpaka mafupa kuwawa. Pa kagalasi pankangolowa theka la bedi.

Kachipindako kanali kochepa moti kamera sikanatha kukaonetsa konse popanda kukakuza. Kufufuta zimene anajambulazo sankadziwa. Anabweza kamera patebulo, natseka chitseko pang'onopang'ono.

Madzulo mkamwini anawapeza pakhonde, akumwetulira mano onse panja.

"Apongozi, bwanji osanena kuti mumakonda kujambula? Zithunzi makumi awiri ndi zitatu! Dzanja lanu n'lokhazikika, mwaluso muja. Cha pakhomo chija chaposa changa."

"Zifufuteni."

"Ndatumiza kale. Mwana wanu walira ndi chimwemwe."

Lamlungu foni inalira nthawi yake yomweyo. Mkamwini anaigwira yekha, n'kuiyandikiza kukhutu kwa apongozi ake.

"Bambo, mwandisangalatsa! Mpaka kujambula nokha chipinda chanu! Ndinkada nkhawa, ndinali nditaganiza zobwerako mwezi wa mawa. Koma tsopano mtima wakhala pansi. Ndasaina zaka zina ziwiri."

A Kalipentala anatsegula pakamwa. Anayang'ana dzanja logwira foni lija, wotchi yonyezimira, zikhadabo zowengedwa bwino.

"Zaka ziwiri," anatero.

"Sizichedwa, bambo. Ndawauza amuna anga atsukitse chithunzi chanu chija, chachikulu. Inu muchikhomere felemu, paja palibe wokuposani. Mundilonjeze."

Mwanayo anali asanawapemphepo kanthu chimwalirireni mayi ake. Analonjeza.

Felemuyo anaikhomera pakhonde, chifukwa m'kachipinda sowo inalibe poyendera. Anapala thabwa mpaka kusalala, makona anayi onse n'kukumana osasiya mpata wolowa tsitsi. Ntchito yoipa sankaitha, ngakhale atafuna.

Chithunzicho chili pabalaza, pamwamba pa wailesi yakanema. Alendo akabwera amaima pamenepo n'kuyamikira mkamwini posunga bwino apongozi ake. Palibe amene anapemphapo kuti akaone chipinda chenichenicho. A Kalipentala akugonabe momwemo.