Khutu la a Zimba

Alamu anga a Zimba akakuuzani kuti kumwamba kuli mtambo, amaulozanso ndi chala. Anagwira ntchito ya ulangizi wa zaulimi mpaka kupuma, ndipo chala chimenecho chinaloza minda ya fodya ya ku Magodi konse kuno. Ntchito inatha, koma chalacho palibe anachiuza.

Mkazi wawo ndi mkulu wanga Keziya. Iye ndi ine tinatsatana, tinakula tikulimbirana bulangete limodzi, choncho ulemu wambiri sitipatsana. Keziya sachuluka mawu. Chaka chatha atayamba kugunda mitondo ndi ana a eni pabwalo, mwana wake Chiza anamutengera kwa dokotala wa maso ku Chipata, ndipo dokotalayo sanabise. Maso a Keziya akutsekeka kuyambira m'mbali. Panopa amaona ngati munthu wosuzumira m'bango: chimene chili patsogolo penipeni amachiona, zina zonse ndi mdima. Mankhwala odontheza amangochedwetsa. Kabowo ka bangoko kadzatsekeka ndithu, ndipo sipatenga nthawi yaitali.

Ine ndinalira mpaka mutu kuwawa. Keziya anangofunsa ngati nkhuku zinatsekeredwa. A Zimba anakhala masiku osaloza chilichonse, zimene zinatiopsa kuposa mawu a dokotala. Kenaka tsiku lina anatuluka m'nyumba atapisira malaya.

"Nyamtonga," anatero kwa mkazi wawo, pomuitana ndi mfunda wathu, akuyang'ana nkhokwe, "tiyenda ku holide. Uone dziko maso akali."

Kwathu munthu sanyamuka popanda chifukwa. Ukakwera galimoto ndi chikwama ndiye kuti kwagwa maliro, ukwati kapena mlandu. M'mawa umene tinkakweza katundu m'kagalimoto kamene Chiza anawasiyira, anthu anabwera manja ali kumbuyo, nkhope atazikonza kale.

"Pepani, a Zimba. Ni kwa ndani?"

"Palibe wafa. Tiyenda kukaona malo."

"Malo ogula?"

"Malo oona chabe."

Anthu anayang'anana, natipepesabe pang'ono kuti ulendo wawo usapite pachabe. Keziya anali atalongedza kale chitenje chake cha kumaliro. Anati dziko ndi lalikulu, sitingalephere kupeza. Ine ananditenga kuti ndizigwira mkono wa Keziya ndi kusunga mankhwala, ndipo ndinakhala kumbuyo pamodzi ndi thumba la mtedza.

Tinayambira pa boma la Lundazi. Munthu aliyense wa kuno wadutsapo pa nyumba ija ya nsanja zozungulira imene timati Kaso, koma kuima n'kumaiyang'ana dala, ife tinali tisanachitepo. A Zimba anatiimika pamzere.

"Nyamtonga, ona nsanja iyo! Ona njelwa, zonse zinaumbidwa kuno. Ona damu uko. Ona mbalame, iyo, iyo, yauluka!"

Tsono munthu wosuzumira m'bango sathamanga. Keziya ankayamba wapeza chala, kenaka n'kutsatira pang'onopang'ono kumene chaloza. Akamafika pa nsanja, chala chinali kale pa damu. Akamafika pa damu, chinali m'mwamba ndi mbalame.

"Waona?"

"Naona," anatero Keziya.

Alamu anakhutira. Tinadya mabanzi pansi pa mtengo, tinamwa zoziziritsa kukhosi zofunda, ndipo a Zimba anatifotokozera mbiri ya nyumbayo kuyambira pa maziko mpaka ku denga. Ena odutsa anaima n'kumamvetsera, poganiza kuti ndi msonkhano wa fetereza.

Mawa lake tinalowera ku Chikomeni. Msewu wake unatigwedeza mpaka mtedza unayamba kudzisenda wokha m'thumba. A Zimba ankayendetsa ndi dzanja limodzi, linalo lili pa ntchito yake. Analoza zigafa za fodya. Analoza sukulu. Analoza munda wa chimanga umene mwini wake anabzala mothinana, ndipo anaima kuti tiuone bwino kuipa kwake. Cholinga chawo chachikulu chinali nkhalango ya kutsogoloko, kumene ankati nyama zimatulukira kumsewu. Tinaima pamenepo nthawi ndithu, mawindo otsekula. Kunatulukira mbuzi.

"Apa," anatero a Zimba, chala chili nji, "kale panali kupita njovu."

"Naona," anatero Keziya.

Ndinafuna kuseka, koma mtima sunalole. Mkulu wanga anali atangoona malo amene njovu zinadutsa kalekale, ndipo anawaona bwino lomwe mofanana ndi ife tonse.

Tinagona kwa msuweni wa a Zimba. Naye anatilandira ndi nkhope ya maliro, ndipo atamva za holide anapha nkhuku mokayikira. Kutacha, ndikudontheza mankhwala m'maso mwa Keziya kuseri kwa khitchini, ndinamufunsa.

"Iwe, uniuze zoona. Pa zonse izi waonapo chani?"

"Khutu," anatero.

"Khutu la chani?"

"La alamu ako. Lamanzele. Nikacheuka m'motoka, m'kabowo kanga mumalowa khutu chabe. Lili na tsitsi mkati. Zaka zonse izi sininadziwe."

"Nanga nkhope?"

"Nkhope ili ku malo."

Anaphethira kuti mankhwala alowe, kenaka anapitiriza ndi mawu omwe amafunsira mchere. Anati chichokereni ku Chipata, a Zimba sanamuyang'anepo kumaso. Akamamuyankhula amayang'ana nkhokwe, chitseko, kapena mapazi awo. Anati phiri ndi damu alibe nazo ntchito, poti ngakhale maso ali bwino sankazilota. Chimene ankaopa n'chakuti kabowo kadzatsekeka, ndipo chimene adzatsale nacho cha mwamuna wake m'mdimamo ndi khutu.

Ndinapsa mtima. Ndinati ndikawauza pompano, ndipo ndikawauza mosanyengerera.

"Aleke," anatero Keziya. "Munthu wathila petulo. Komanso ayopa. Akaniyang'ana azalila, ndipo a Zimba sadziwa kulila. Sanaphunzile."

Tsiku lonselo ndinaliyang'ana khutulo kuchokera kumbuyo ndi chidani chenicheni.

Loweruka tinabwerera kudzera pa boma n'kulunjika ku Mwase. A Zimba anali atamva kuti masana kuseri kwa magolosale kukhala gulu loimba la mnyamata wina dzina lake Danwell. Ndati mnyamata chifukwa ndi mmene amadzitchulira, koma imvi anali nazo. Gulu lake linali la anthu anayi: iye ndi gitala, wina ndi ng'oma za zikopa za mbuzi, wina ndi zisekese, ndipo wachinayi atakhalira babatoni, chigitala chachikulu cha chingwe chimodzi chimene chimalira m'mimba mwa munthu. Sipika inali pa mpando, batire pansi pake. Anthu anali atadzaza, njinga zitatsamira mitengo, fumbi lili koboo.

Kunena zoona, ankaimba. Ine amene mawondo anandikana kalekale ndinapezeka ndikugwedeza phewa. Anatipatsa benchi kutsogolo chifukwa tinabwera pa galimoto. Keziya anakhala mowongoka, manja pamiyendo, phazi limodzi likugunda pansi. Aka kanali koyamba pa ulendo wonse kuti chinthu chimufike chokha popanda kuchisaka.

Koma a Zimba anakhala pambali pake, nkhope kutsogolo.

"Ona uyo wa gitala. Ona wa ng'oma, manja ake. Ona babatoni, ni thabwa na chikopa chabe. Ona mwana uyo avina!"

"Naona."

Danwell ali ndi chizolowezi. Pakati pa nyimbo amatsitsa zoimbira, ng'oma n'kumangogunda pansipansi, iye n'kumayenda ndi maiki kulonjera alendo. Chimene wamuyankha amachilowetsa m'nyimbo pomwepo. Anatipeza mosavuta, poti a Zimba okha ndiwo anavala tayi.

"Monile, adada! Mwafuma nkhu?" anatero, kufunsa kumene tachokera.

A Zimba anaimirira, nalandira maiki ngati munthu amene wakhala akuidikira chipumireni ntchito. Anati ndife a ku Magodi, ndipo tili pa holide. Anthu anaseka, poganiza kuti ndi nthabwala. Anayamba kutchula malo amene tapitako, koma Danwell, amene amadziwa ntchito yake, anawalanda maiki mwaulemu asanafike pa njovu. Anagwada pamaso pa Keziya.

"Nanga imwe amama, pa holide yanu mwaonapo chani chabwino?"

Keziya anasakasaka mpaka anapeza maiki. Anaiyandikira kwambiri, ndipo mawu ake anatuluka pa sipika aakulu kuposa mmene ndinawamverapo moyo wanga wonse.

"Khutu."

Wa ng'oma anaphonya kamodzi.

"Khutu, amama?"

"Khutu la a Zimba. Lamanzele."

Bwalo lonse linaphulika. Azimayi anagwirana mapewa, wina anagwa pa njinga. Danwell sanachedwe: anakhudza gitala, babatoni inayankha, ndipo posakhalitsa anthu onse a pa Mwase ankaimba kuti amama achoka ku Magodi, awotcha petulo, adzaona khutu la a Zimba. Danwell akati "aona chani?" bwalo linkayankha kuti "khutu!" Inali nyimbo yokoma, ndiyenera kuvomereza. Mpaka lero ndimaiimba ndikamatsuka mbale.

A Zimba anaima pomwepo akumwetulira kumwetulira kwa munthu amene sanamve nthabwala koma akudziwa kuti ndi yake. Anagwira khutu lawo. Anyamata awiri anawakokera pakati kuti avine, ndipo anavinadi, mavinidwe a mlangizi, mapazi okha, tayi ili phee. Ankatembenukira kwa oimba, kwa anthu, kumitengo, kulikonse kupatula kumene tinakhala ife.

Keziya anakoka malaya a Danwell. Sanafune maiki, koma Danwell anamupatsabe.

"Auzeni aleke kuzungulila. Abwele apa. Aime pa dzuwa."

Danwell anakweza dzanja, zoimbira zinatsika. Anthu anali akusekabe, kudikira nthabwala yachiwiri. A Zimba anabwera, naima patsogolo pa benchi, maso ali pa denga la golosale.

"Nyamtonga, paja sunaone bwino uyo wa—"

"Chala m'thumba, a Zimba."

Chala chinalowa m'thumba. Ine ndinaona ndi maso angawa.

"Manje muyang'ane kuno. Maso anga atsala pang'ono, imwe mudziwa. Damu naiona. Mbuzi naiona. Nifuna nkhope."

Kuseka kunatha mwa apo ndi apo, kuyambira kutsogolo kupita kumbuyo, mmene uthenga unkayendera. Wa babatoni yekha ndiye anapitiriza, chingwe chake chimodzi chikugunda pang'onopang'ono, mwina chifukwa palibe anamuuza kuti aleke. A Zimba anatsitsa maso kuchoka pa denga. Anafika pa duku la Keziya n'kuima. Kenaka anatsikanso pang'ono.

Keziya ananena zoona, alamu anga sanaphunzire kulira. Nkhope inakhala ya pamsonkhano, yowuma, koma madzi ankangotsika okha mpaka pa kolala. Sanapukute, chifukwa dzanja linali m'thumba ndipo linalo sanalikumbuke. Ine ndinalira bwinobwino, mwaluso, ndipo chitenje cha kumaliro chija chinagwira ntchito.

Keziya sanalire. Anali pa ntchito. Anakweza chibwano, napeza pamene tsitsi la a Zimba linathawira, nayamba kuyenda ndi kabowo kake pang'onopang'ono kuchoka kumanzere kupita kumanja, ngati munthu wopalira mzere wa mtedza amene safuna kusiya udzu ngakhale umodzi. Dzuwa linali pankhope pawo.

Patapita nthawi a Zimba analephera kudikira.

"Waona?" anafunsa, mawu atasasa.

"Musanifulumize," anatero Keziya. "Nikali pamphumi."