Mawu a Remedios

Anselmo anali ndi malole atatu onyamula tomato ku Almería, ndipo sankasowa chodzitama nacho. Anayendetsa mpaka ku Germany, ku France, ku Poland, ndipo konseko ankalowa m'nyumba za kanema. Ankauza aliyense kuti palibe mtundu woposa Asipanishi pa luso loikira anthu a m'kanema mawu: mlendo amayankhula ngati wobadwira kuseri kwa nyumba yako.

Koma chaka chimenecho nyimbo yake inali imodzi: mkazi wake Remedios ali m'kanema. Ojambula anafika pamsika pomwe Remedios ankagulitsa nsomba, nakopeka ndi pakamwa pake, namupatsa mawu oti anene. Patangotha miyezi inayi Remedios anamwalira. M'nyumba munatsala zithunzi zambirimbiri, koma mawu ake sanasungike paliponse, poti ankadana ndi kusiya uthenga pafoni.

Kanemayo atatuluka, Anselmo anagula mzere wonse wa mipando, Lachitatu madzulo, naitana abale ndi amumsika. Anavala tayi wofiira.

"Alamu, tayi ameneyu mukukafunsira wina?" anamunyogodola Fulgencio, mchimwene wa malemu.

"Ndikukamva mlongo wanu akukalipa. Ndapuma kokwanira."

Anadikira nthawi yaitali, manja ali pamaondo. Kenako msika uja unaoneka, ndipo Remedios uyo, epuloni yonyowa, mpeni m'manja. Anatukula nkhope, natsegula pakamwa.

"Nsombayi imasambira m'mawa uno, mayi, musainunkhize ngati malaya a amuna anu."

Anthu anaseka. Mzere wa Anselmo sunaseke. Mawuwo anali osalala, a mayi wina wa ku Madrid, otchula chilichonse bwinobwino. Remedios anali ndi mawu osasa chifukwa cha kuitanira malonda, ndipo ankameza mathero a mawu monga achitira onse a ku Almería.

Panja Fulgencio anayesa kufotokoza kuti mwina opanga kanemayo anaopa kuti Asipanishi akumpoto sakamumva, ndiye anangomuikira ena, monga amachitira ndi alendo. Anselmo anavomera kuti aika mwaluso, milomo ndi mawu zikugwirizana ndithu. Anavula tayi, naipinda m'thumba, nakana kupita kukamwa nawo khofi.

Lachitatu lotsatira anagula tikiti imodzi. Msika utangoonekera, anatseka makutu ndi zala, maso ali pa milomo ya mkazi wake.