Mtengo wa Loweruka

M'sitolo ya kaunjika ya kuseri kwa depoti ya mabasi munali lamulo limene aliyense ankalidziwa ngakhale silinalembedwe pakhoma. Katundu watsopano ankapachikidwa Lolemba, pamtengo wokomola. Lachiwiri mtengo unkatsika pang'ono, Lachitatu n'kutsikanso, choncho mpaka Loweruka, tsiku la amphawi, pamene chilichonse chotsala chinkagulitsidwa pamtengo wongoti chichoke. Wandalama ankagula Lolemba. Wopanda ndalama ankabisa.

Pa luso lobisali panalibe woposa mayi ena osita zovala ku hotela, amene anzawo ankawatchula kuti a Mphamba, poti diso lawo likaona chovala chabwino pamulu, chimenecho chapita. Nsalu ankaidziwa ndi zala. Ankayamba kuona kolala, kenako m'khwapa, n'kutembenuza matumba, ndipo akakhutira sankaonetsa nkhope yokondwa, kuopa kudzutsa ogona. Ankangoyendayenda nacho chovalacho ngati sakuchifuna, mpaka apeze pochibisa. Nsapato za mwana ankazilowetsa m'majombo, buluku ankalipachika pakati pa makatani, bulauzi yabwino ankaiveka m'kati mwa chovala chonyansa chimene ngakhale wamisala sangachikhudze. Loweruka ankapita kukakolola. Ogulitsa m'sitolomo ankadziwa zonsezi koma ankangoyang'ana kumbali, bola chinthu chisatuluke pakhomo osalipira.

Umu ndi mmene a Mphamba anavekera banja lawo kuyambira ana ali kumsana. Madzulo akafika kunyumba ankatambasula zimene agwira pampando, n'kuyamba kufotokoza mmene nkhondo yayendera, pomwe anabisa, ndi amene anamupusitsa. Amuna awo, amene anthu ankawatchabe a Dalaivala ngakhale anasiya kale kuyendetsa mabasi, ankangokweza wailesi.

"Mwayambatu nkhani zanu za nsanza zija, mayi," ankatero, maso ali kwina.

Koma zinthu zinasintha. Mtengo umene kale unali wa Lolemba tsopano unasanduka wa Loweruka. Kaunjika, kothawira anthu osauka, anayamba kukomera ndi olemera omwe. Kunabweranso achinyamata a mafoni, amene ankafika Lolemba chitseko chisanatsegulidwe, kusesa zabwino zonse, kuzijambula, n'kuzigulitsa asanatuluke n'komwe m'sitolomo. A Mphamba ankadana nawo ana amenewa ndi mtima wonse, ndipo sankabisa. Ankati iwo amasankhira thupi la munthu amene akumudziwa, pamene anawo amasankhira foni.

Chaka chimenecho mzime wawo, mtsikana, anamaliza maphunziro a unamwino, ndipo tsiku lokavala mkanjo ndi chipewa chija cha makona anayi linayandikira. Makolo onse awiri anaitanidwa. A Dalaivala anamva uthengawo, n'kumwetulira pang'ono, kenako nkhope inagwa.

"Mukapita inuyo. Ine ndikaonera pazithunzi."

Chifukwa chake a Mphamba ankachidziwa. Chidwalire sitiroko, amuna awo anatha thupi, ndipo dzanja lamanzere linangoti lende. Jekete yawo imodzi yokha ija, imene ankavala pamaukwati ndi pamaliro pomwe, tsopano inkawakhala ngati thumba la makala. Tsiku lina anaiyesa, n'kudziyang'ana pagalasi la pawadiropu, n'kuivula.

"Mwana wavutika zaka zonsezi kuti ine ndikamuchititse manyazi pamaso pa anzake?" anatero. "Ayi, mayi. Zisiyeni."

A Mphamba sanatsutse. Munthu ukakhala naye nthawi yaitali umadziwa mawu amene amatheka kuwakankha ndi amene ungothyokerapo mwendo. Koma mumtima analumbira kuti bambo a mwanayo akakhalapo pamwambowo, zivute zitani.

Lolemba lotsatira, ataweruka ku hotela masana, analowa m'sitolo muja ndipo anaipeza. Inali jekete yotuwa, ya nsalu yolemera bwino m'manja, mapewa ake aang'ono, mabatani onse alipo, m'kati mosang'ambika ngakhale pamodzi. Mwina a mafoni anaidumpha chifukwa inali yachikale. A Mphamba anaiyeza ndi chikhatho kuchoka phewa kufika phewa, monga ankayezera malaya a amuna awo powasita, ndipo inali ndendende. Manja okha ndiwo anatalikirapo. Ataona mtengo wake, anaseka okha kaseko kowawa. Ndalama imene anasunga inkakwana mtengo wa Loweruka basi.

Pakona ya sitoloyo panali chikhothi chachikasu, chachikulu ngati tenti, chothothoka ubweya m'khosi, chimene chinakhala pamenepo miyezi yambiri poti ngakhale ogulitsa anatopa nacho. A Mphamba anaiveka jekete ija m'kati mwa chikhothicho, n'kutseka zipi mpaka m'khosi, n'kutuluka akuyenda ngati munthu amene sanaone kanthu.

Lachiwiri anakasuzumira, ndipo inalimo. Lachitatu anatsegula zipi n'kupeza hang'ala ili yokha.

Anayang'ana kwa wolandira ndalama, anayang'ana m'manja mwa aliyense amene anali pamzere, osaiona. Kenako mutu unabwerera m'malo, ndipo anayamba kufufuza monga mbala ifufuzira mbala inzake. Anaipeza pakati pa makatani, itapachikidwa mokhota, batani limodzi lokha litamangidwa, nalonso m'bowo lolakwika. Apa anadziwa kuti anatchera kumwezi, nkhanga zinaona. Panali wina amene ankaifunanso jeketeyo, ndipo nayenso ankadikira Loweruka.

"Ndi ana a mafoni omwewa," anadziuza, akukonza bataniyo mokwiya. "Ngakhale kumanga batani sadziwa. Akufuna agule motchipa kuti akadyerepo kawiri."

Anaichotsa pamakatani n'kuilowetsa m'kati mwa ovolosi ya makaniko, kumapeto kwenikweni kwa zovala zantchito. Madzulo kunyumba nkhaniyo inawayabwa pakamwa, koma anaimeza, poti jeketeyo inali chinsinsi. Anangoti m'tauni muno mwachuluka anthu opanda ulemu. A Dalaivala, amene anali atatambalala pampando chifukwa cha kutopa, anavomera kuti n'zoona, mwachulukadi. Masiku amenewo ankapita m'mawa uliwonse kuchipatala kukawongola dzanja ndi mwendo, ndipo ankabwerako ali wefuwefu, nsapato zili mbuu ndi fumbi. Akazi awo ankati ndi madokotala akuwathamangitsa kwambiri.

Lachinayi ovolosi inali yopanda kanthu, ndipo jekete inali itabwerera m'chikhothi chachikasu. A Mphamba anaisamutsanso, ulendo uno anaiika pakati pa madiresi a amayi oyembekezera. Lachisanu anaipezanso m'chikhothi momwemo, zipi itatsekedwa theka, batani lija lili m'bowo lolakwika.

Anaima pamenepo nthawi yaitali, jekete ili m'manja. Chinawaopsa sichinali chakuti munthuyo ankaipeza, koma kuti ankaipeza mosavuta, ngati akuwawerenga maganizo. Mawa chitseko chikatsegulidwa, wothamanga ndiye adzatenge, ndipo iwo maondo anali atayamba kale kudandaula. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Anamasula kansalu kamene anamangamo ndalama yogulira nsapato zawo za tsiku la mwambolo, n'kuphatikiza ndi ya jekete, n'kukapereka mtengo wa Lachisanu. Moyo wawo wonse anali asanagulepo chinthu m'sitolomo tsiku lina osati Loweruka, ndipo zinawawawa ngati aluza mlandu. Wolandira ndalama mpaka anawayang'ana kawiri.

"Amayi, lero ndi Lachisanutu."

"Ndikudziwa, mwanawe. Kulunga."

Anaoloka msewu n'kukaisiya kwa telala wa pakhonde la sitolo ya zitsulo kuti afupikitse manja, ndipo anagwirizana kuti adzaitenga mawa lake.

Zikanathera pomwepo, koma mtima wa munthu ndi wovuta. Loweruka a Mphamba sankagwira ntchito, ndipo anadzuka ndi chilakolako chimodzi chokha, choona nkhope ya amene anawadyetsa ndalama ya nsapato. Ankafuna amuone akutsegula chikhothi chija n'kupeza mphepo. Amuna awo anali atatuluka kale, ati kukawongola miyendo. A Mphamba anamanga mpango, n'kukafika kusitolo chitseko chikungotsegulidwa kumene, n'kulowa ndi chikhamu cha anthu, n'kukaima kuseri kwa makatani pomwe pakona paja pankaoneka bwino.

Anthu anathamangira milu yawo. Atsikana awiri a mafoni anadutsa pafupi ndi chikhothicho osachiyang'ana n'komwe. Mnyamata wina anachikhudza, a Mphamba n'kukonzeka, koma iye ankangofuna podutsa. Chikhamu chitachepa pakhomo, kunalowa munthu womaliza, amene aliyense anamupitirira pamzere. Ankayenda pang'onopang'ono, ndodo kudzanja lamanja, mwendo wina ukukwakwaza pansi. Anali atavala malaya oyera amene a Mphamba anawasita okha dzulo lake.

A Dalaivala sanayang'ane kumanja kapena kumanzere. Analunjika pachikhothi chachikasu, n'kutsamiritsa ndodo pakhoma, n'kuluma kolala ya chikhothicho ndi mano kuti chisagwedezeke, n'kutsitsa zipi ndi dzanja lawo limodzi lija. Zinawatengera nthawi. A Mphamba, kuseri kwa makatani, anakumbukira batani la m'bowo lolakwika lija.

Bamboyo anayang'ana hang'ala yopanda kanthu. Anapisa dzanja m'manja mwa chikhothicho, uku ndi uku, ngati jekete ingabisale mmenemo. Kenako anatenga ndodo n'kuyamba kuzungulira. Anapita ku maovolosi, anapita ku madiresi a oyembekezera, anasuzumira ngakhale m'majombo, momwe jekete singalowe. Malo onse amene ankafufuza anali a akazi awo, amodzimodzi monga ankawatchulira madzulo aja wailesi ikulira. Zaka zonsezo munthuyu ankamva.

Pomaliza anabwera ku makatani. Anakankha katani yoyamba, yachiwiri, ndipo kuseri kwa yachitatu anapeza akazi awo, maso ali ofiira.

Anayang'anana. A Dalaivala ndiwo anayamba kugwetsa nkhope, ngati mwana wopezeka ndi dzanja m'chitini cha shuga.

"Atenga, mayi," anatero motsitsa. "Inalipo jekete ina yake yotuwa. Ndailondera sabata yonse. Panali kamunthu kena kamene kamangoisuntha, koma ndimakapeza. Lero kandipambana."

"Munaidziwa bwanji kuti ili m'chikhothi?"

"Si munkanena nokha kuti chabwino sichikhala poonekera? Ndinangofunafuna chovala chonyansa kuposa zonse, n'kutsegula."

"Nanga ndalama munaitenga kuti?"

"Ya minibasi yopitira kuchipatala ija. Ndimayenda wapansi. Adokotala anati kuyenda ndi mankhwala." Anayesa kuseka koma sizinatheke. "Chikwatiranireni, chilichonse chimene ndavala mwandisankhira ndinu. Sindikudandaula ayi, mwandiveka bwino. Koma ulendo uno ndimafuna mwana wanga akandione nditavala chinthu chimene ndadzigulira ndekha. Dzanja linapita, ntchito inapita. Ndimati mwina ichi chokha ndingathe."

A Mphamba anali atakonzeka kale kunena kuti jekete ili kwa telala, kuti anaigula dzulo, kuti asadandaule. Mawuwo anafika pamilomo n'kubwerera. Anaona kuti akangowanena choncho, adzakhala atawaveka amuna awo kachikenanso, monga mwa masiku onse, ndipo kuyenda konse kuja m'fumbi kudzakhala kwachabe. Anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango, n'kuumitsa nkhope monga amachitira pokambirana mtengo.

"Kamunthu kamene mukunenako ndikukadziwa," anatero. "N'kovuta, koma kamagulitsa."

A Dalaivala anakweza maso. Anayang'ana akazi awo, anayang'ana chikhothi chachikasu chili yasa pakona, n'kuyang'ananso akazi awo. Pakamwa panatseguka pang'onopang'ono.

"Mayi inu! Ndiye sabata yonseyi ndimalimbana ndi inu?"

"Mwandidyetsa nsapato zanga, bambo inu. Ndikavala zakale zomwe zija, zidendene zopindika, ndipo anthu akafunsa ndikawauza kuti afunse inu. Tiyeni."

Anatuluka limodzi n'kuoloka msewu pang'onopang'ono, magalimoto akuwaimbira mahutala. Telala anali atamaliza, ndipo jekete inali papulasitiki, yositidwa. A Dalaivala anatambasula dzanja kuti aitenge, koma akazi awo anaikokera kumbuyo.

"Katundu satengedwa asanalipiridwe."

"Ndiye mukugulitsa bwanji, amayi a sitolo?"

"Lero ndi Loweruka," anatero a Mphamba. "Mtengo wake ndi wa Loweruka."

Bamboyo anatsamiritsa ndodo pamakina a telala, n'kupisa m'thumba la malaya, n'kutulutsa kamtokoma ka ndalama zing'onozing'ono zopindapinda, zofewa ndi thukuta. Anaziika m'chikhatho cha akazi awo, ndipo iwo anazilandira ndi manja awiri, osawerenga. Kenako anathandiza amuna awo kulowetsa dzanja lamanzere m'jeketemo, lamanja analowetsa okha. Mapewa anakhala ndendende.

A Dalaivala anagwira batani lapamwamba n'kuyamba kulimbana nalo. Linkaterereka, n'kulowa m'bowo lolakwika, iwo n'kulitulutsa, n'kuyambiranso. Zala za a Mphamba zinanyamuka zokha mwachizolowezi, koma anazibweza n'kuzipinda kumbuyo. Anaima pakhondepo, telala naye makina atawaimitsa, n'kudikira mpaka batanilo litalowa m'bowo lake.