Dzino la Mayi Lufina

Ku Nsipe kuno ukwati wopanda nthungululu ya mayi Lufina timangouyesa msonkhano. Ndiye tangoganizani, kutatsala tsiku limodzi kuti mwana wawo Cedric akwatire, dzino linawatupitsa tsaya moti pakamwa pankangotseguka polowa supuni. Ankadandaula kuti mwana wawo yemwe atuluka m'tchalitchi iwo ali duu.

Azimayi amene tinkasenda mbatata kuseri kwa nyumba tinamva chisoni. Aliyense anamasula mfundo ya chitenje n'kutulutsa mankhwala a ululu. Ine ndinapereka bulufeni, mayi Zena indosidi, wina dikilofenaki wotsala wa msana wa amuna ake. Mayi Lufina kukana mphatso sadziwa. Analandira ndi manja awiri n'kuika m'mbale.

"Ndimwa onse pamodzi, dzinoli lidziwe kuti ndili ndi abale," anatero.

Mayi Lufina atangonyamula kapu ya madzi, anatulukira Hannah, mkwatibwi mwiniwake, amene ndi namwino. Anabwera kudzasiya mapoto. Anaona mbale ija, nkhope n'kusintha. Koma mtengwa wa mawa angatsutse apongozi pagulu? Tonse tinayang'ana pansi. Mtsikanayo anagwada, n'kukoka mbaleyo pang'onopang'ono.

"Pepani amayi, atatuwa ndi a mtundu umodzi, angosiyana maina. Mukawaphatikiza ululu suchepa kuposa apo, koma m'mimba mungachite zilonda, impso nazo zingavutike. Munadwalapo zilonda zam'mimba kapena impso?"

"Mimba yangayi imagaya ndi miyala yomwe."

"Ndiye bulufeni yekhayu, mutadya kaye. Amene angayende naye limodzi ndi panado, poti iye amagwira ntchito mwa njira ina. Musapitirire muyezo wolembedwa papaketi. Lolemba ndikuperekezani akalione dzinolo."

Ine manyazi anandigwira. Mayi Zena anabweza indosidi wawo pamfundo mwakachetechete. Mayi Lufina anatembenukira kwa Hannah.

"Sunalowe n'komwe pakhomo pano, wayamba kale kundilanda mbale," anatero, n'kuseka ndi tsaya limodzi. Tinawaphikira phala, anamwa mankhwala awiriwo.

M'mawa mwake tsaya linali litaphwerako ndithu. Akwati atatuluka m'tchalitchi, palibe anayerekeza kuyamba nthungululu, tonse maso kwa mayi Lufina. Anapuma mokoka, n'kuika dzanja pakamwa. Inatuluka nthungululu yoti ogulitsa tomato kumsewu anatembenuka. Mwana wawo anatambasula manja, iwo anangomudutsa, n'kukaimbira nthungululu yachiwiri m'khutu mwa Hannah.