Maziro a Amalume Ayuba

Masiku anayi athunthu Mwanabibi analimbana ndi fayilo imodzi. Bungwe lomwe ankagwirako ntchito ku Zomba linamutuma kwawo ku Kachulu kuti akaonetse asodzi mmene nyanja ya Chilwa idzakhalire pofika Okutobala. Kompyuta inali itawerengetsera kale; iye ntchito yake inali kusandutsa manambalawo kuti akhale mapu. Koma fayilo inkangokana kutseguka, batire nalo linkatha ngati shuga wa pamaliro.

Tsiku lomwe inatseguka, mapu anatuluka ofiira psu. Kuchokera padoko mpaka ku chilumba cha Chisi, madzi kunalibe.

Amalume ake, a Ayuba, anasuzumira paphewa pake. Nyanjayi anali ataiona ikuuma kawiri, ndipo kawiri konse bwato lawo linawolera m'matope.

"Kofiiraku n'kouma?"

"Eya, koma dikirani kaye amalume, sindinaunike bwino."

Kudikira ndiye a Ayuba sanabadwe nako. Lachisanu pochoka ku mzikiti anagulitsa bwato kwa munthu wa kutsidya, ndi maukonde omwe.

Mtima wa Mwanabibi sunakhale pansi. Mvula inali itagwa bwino chaka chimenecho, mtsinje wa Likangala unkayendabe. Anatsegula manambala a kuya kwa madzi amene kompyuta inapatsidwa poyamba, n'kumatsika mzere ndi mzere, maso akuwawa. Mita ndi theka, mita ndi theka, kenaka ziro. Ziro masiku khumi ndi awiri a mu Epulo, kenaka mita ndi theka kachiwiri. Nyanja iti imauma Lolemba n'kudzaza Lachiwiri?

Tsono munthu amene ankawerenga ndodo yoyezera madzi padoko n'kulemba m'buku m'mawa uliwonse anali a Ayuba omwewo. Mwanabibi anawapeza pamthunzi akuonerera anzawo akuyanika matemba.

"Amalume, mu Epulo munali kuti?"

"Ku Songani, kudwazika azakhali ako. Waiwala kale?"

"Nanga m'buku munalembamo chiyani?"

"Ziro. Ndikanasiya mabokosi opanda kanthu, mabwana akowo akanati Ayuba ndi mlesi. Ziro ndiye kuti sindinaone kanthu, basi."

Mwanabibi anangokhala pansi pomwepo. Anafuna kukalipa, koma mphamvu zake zinali zitathera pafayilo ija, ndipo chimene chinatsala chinali chisoni. Anafufuta maziro aja, nauza kompyuta iwerengetserenso. Anadikira onse awiri. Mapu anatuluka abuluu mpaka padoko penipeni.

A Ayuba anayang'anitsitsa nthawi yaitali.

"Ndiye kuti madzi akhalapo?"

"Akhalapo."

"Makina akowa anandinamiza."

"Ayi amalume. Anangokukhulupirirani."

A Ayuba anatembenukira kudoko, kumene munthu wa kutsidya uja anali atagwada m'mbali mwa bwato lija, akulembapo dzina lina.